Phunziro 6: Makhonsolo ndi Ndalama Zawo

M'chaka cha 1998 dziko la Malawi lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, yomwe idapereka sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono ndi misika m'manja mwa makhonsolo. Nanga ndalama zoyendetsera zimachokera kuti? Khonsolo ya mzinda, monga ya Blantyre, imatolera msonkho wa nyumba ndi malo, ndalama za ziphaso za malonda ndi matikiti a pamsika. Khonsolo ya kumudzi ilibe zambiri zotolera. Imadikira ndalama za ku likulu, zomwe kawirikawiri zimachedwa ndipo zimabwera zitauzidwa kale ntchito yake. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 kudalibe ndi makhansala omwe oti n'kufunsa.

Ntchito: Tchulani njira zitatu zomwe khonsolo ya kwanu imapezera ndalama. Ndi ndalama ziti zomwe ingagwiritse ntchito mwa kufuna kwake?