Nyenyezi Zophulika ndi Denga la Dziko

Magetsi akazima usiku m'komboni ya Kuku, kumwamba kumaoneka nyenyezi zambiri zimene masiku ena zimabisika cifukwa ca kuwala kwa mzinda wa Lusaka. M'mwezi wa January, mitambo ikacoka, munthu woyang'ana kumwamba amaona nyenyezi zitatu zondandalikana mu mzere. Makolo anazicha Akamwiniatatu. Cakumpoto kwa zitatuzi kuli nyenyezi ina yowala mofiirira, dzina lace Betelgeuse. Nyenyezi imeneyi yakalamba, ndipo tsiku lina idzaphulika. Kodi kuphulika kwace kungapweteke anthu, ziweto ndi mbeu? Yankho lidziwika poyamba kumvetsa kafedwe ka nyenyezi, kutalika kwa mtunda, ndi denga losaoneka limene liphimba dziko lapansi.

Kafedwe ka nyenyezi

Dzuwa ndi nyenyezi, ndipo nyenyezi zinazo ndi madzuwa. Zioneka zazing'ono cifukwa ziri kutali. M'kati mwa nyenyezi muli kutentha koopsa kumene kumakankhira kunja, pamene kulemera kwace kumakokera m'kati. Mphamvu ziwirizi zikalingana, nyenyezi imawala mwamtendere zaka zambirimbiri. Koma monga makala amatha pa mbaula, cimene cimasonkhezera kutentha kwa nyenyezi naconso cimatha. Pamenepo nyenyezi yolemera koposa madzuwa 8 imagwera m'kati mwa iyo yokha m'kamphindi, niphulika. Akatswiri amacha kuphulika kotere supanova. Dzuwa silidzafa imfa yotere, pakuti kulemera kwace nkocepa.

M'caka ca 1054 alembi a ku China analemba za nyenyezi yacilendo imene inaoneka ngakhale masana kwa masiku 23. Pa 24 February 1987, Ian Shelton, amene anali pa nchito yoyang'ana nyenyezi ku Chile, anaona supanova ina cakummwera, m'kamtambo koyera ka nyenyezi kochedwa Large Magellanic Cloud. Kwa miyezi ingapo inali kuoneka ndi maso okha m'maiko a kummwera, monga Zambia. Panalibe munthu amene anapwetekedwa nayo, cifukwa inali kutali kwambiri.

Muyeso wa mtunda

Mtunda wa ku nyenyezi suwerengedwa ndi makilomita, koma ndi nthawi imene kuwala kumatenga pa ulendo wace. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kucokera ku dzuwa kumafika pa dziko lapansi patapita mphindi 8. Kucokera ku nyenyezi yoyandikira koposa zonse kumatenga zaka 4 ndi miyezi ingapo. Kuwala kwa supanova ya 1987 kunayenda zaka pafupifupi 168,000. Cotero akatswiri akanena kuti nyenyezi iri pa mtunda wa zaka 30, atanthauza mtunda umene kuwala kumayenda m'zaka 30.

Denga losaoneka

Mwana ali yense wa ku Kuku adziwa vuto limene limabwera mphepo ikasasula malata nthawi ya dzinja. Dziko lapansi nalonso liri ndi denga lace. Pamwamba pa mitambo, kuyambira makilomita 15 kufikira 35 kucokera pansi, pali mpweya wochedwa ozoni. Nchito yace ndiyo kuchinga ceza cina ca dzuwa cosaoneka ndi maso, cochedwa ultraviolet. Ceza cimeneci cimaocha khungu, cimayambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala ya m'maso, ndiponso cimafooketsa mbeu. Ngakhale ozoni ichinga ceza cambiri, cocepa cimene cimadutsaco cimavutitsa kwambiri anthu acialubino. Ncifukwa cace iwo amafunika zipewa zazikulu, zovala za manja atali ndi mafuta ochinjiriza khungu.

Supanova siingagumule nyumba kapena kugwedeza nthaka kuno. Ngozi yace iri pa dengali. Nyenyezi ikaphulika imatulutsa ceza camphamvu koposa ca dzuwa, ndiponso tizidutswa tating'onoting'ono tothamanga pafupifupi ngati kuwala. Izi zikalowa mu mpweya wa m'mwamba zimaswa mpweya wa naitirojeni, umene umaphatikizana ndi okosijeni, nkupanga mpweya wina wodya ozoni. Akatswiri ena anawerengera kuti supanova yophulika pa mtunda wa zaka 26 ingaononge pafupifupi theka la ozoni, ndipo ceza coocha cofika pansi cingawirikize kawiri.

Vutoli silingathe msanga, pakuti tizidutswa tija timafika pang'onopang'ono kwa zaka mazana kapena zikwi. Zoyamba kufa zingakhale tizomera tosaoneka ndi maso toyandama pamwamba pa madzi. Tizilombo ta m'madzi timadya tizomerati, kapenta amadya tizilomboto, ndipo nsomba zazikulu ndi anthu amadya kapenta. Cimanga ndi udzu wa ziweto nazo zingacepe. Motero njala ingafike pa khomo liri lonse, ngakhale kwa munthu amene sanayang'anepo kumwamba.

Umboni wa pansi pa nyanja

Kodi zotere zinacitikapo? Pali mtundu wina wa citsulo, wochedwa citsulo-60, umene umapangika m'nyenyezi zazikulu. Citsulo cimeneci sicikhalitsa: theka lace limasanduka cinthu cina patapita zaka 2,600,000. Dziko lapansi lakhala zaka pafupifupi 4,500,000,000, cotero citsulo-60 cimene linali naco paciyambi cinatha kalekale. Koma m'caka ca 1999 akatswiri a ku Munich, m'dziko la Germany, anacipeza m'mwala wovuulidwa pansi pa nyanja ya Pacific. Pambuyo pace cinapezekanso m'dothi limene linatengedwa ku mwezi. Zimenezi zisonyeza kuti zaka 2,000,000 kapena 3,000,000 zapitazo nyenyezi inaphulika pa mtunda wa zaka mazana owerengeka, ndipo pfumbi lace linagwa pa dziko lapansi.

Kuphulika kumeneko sikunafafanize zamoyo, koma mwina kunasintha zina. M'caka ca 2025 akatswiri a pa yunivesite ya California, ku Santa Cruz, analoza ku nyanja ya Tanganyika, imene mbali yace ya kummwera iri mu Zambia, ku Mpulungu. M'nyanjamo mitundu ya mavairasi ogwira nsomba inacuruka mofulumira pa nyengo yomweyo. Iwo anati mwina ceza ca supanova cinathandiza kusinthako, koma ananenanso poyera kuti kucitika kwa zinthu ziwiri pa nthawi imodzi sikutsimikiza kuti cimodzi cinabala cinzace. Wophunzira wanzeru amasiyanitsa cinthu cotsimikizidwa ndi congoganiziridwa.

Pali umboni winanso wa masiku ano. Pa 9 October 2022 kunafika ceza camphamvu cocokera ku nyenyezi imene inafa pa mtunda wa zaka pafupifupi 2,000,000,000. Makina anaonetsa kuti mpweya wa m'mwamba kwambiri unasokonezeka kwa kanthawi. Anthu pansi sanamve kanthu, koma akatswiri anaona kuti imfa ya nyenyezi imakhudzadi mpweya wa dziko.

Kodi pali cifukwa coopera?

Akatswiri anayesa mitunda ya nyenyezi zoyandikira, napeza kuti pa mtunda wangozi palibe iri yonse imene iri pafupi kuphulika. Betelgeuse iri pa mtunda woposa zaka 500. Kumapeto kwa 2019 inayamba kuzirala, ndipo anthu ambiri anayesa kuti nthawi yace yakwana. Koma cinali cimtambo ca pfumbi cimene nyenyeziyo inatulutsa, ndipo m'caka ca 2020 inawalanso. Ikhoza kukhala zaka zina zikwi zambiri. Ikadzaphulika idzawala ngati mwezi wa theka, nidzaoneka ngakhale masana, koma ozoni siidzaonongeka.

Cimene cinaboola dengali m'masiku ano si nyenyezi ai, koma anthu. M'caka ca 1985 akatswiri a ku Britain analengeza kuti ozoni yacepa kwambiri pamwamba pa Antarctica. Woiononga unali mpweya wochedwa CFC, umene unali kuikidwa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera mankhwala. Mu September 1987, caka comwe cija ca supanova, maiko anapangana ku Montreal, m'dziko la Canada, kuti aleke kupanga mpweyawo. Pambuyo pace maiko onse, pamodzi ndi Zambia, analowa m'panganolo, ndipo ozoni yayamba kubwerera pang'onopang'ono. Mwambi umati, mutu umodzi susenza denga.

Palibe munthu angaletse nyenyezi kuphulika, ndipo mwa mwai palibe nyenyezi yoopseza dziko lero. Koma phunziro la nyenyezi zophulika lathandiza anthu kudziwa zimene zingaoneke ozoni itaonongeka. Mwana wa ku Kuku woyang'ana Betelgeuse usiku alibe cifukwa coopera. Coyenera kukumbukira ndico cakuti pakati pa iye ndi thambo pali denga lopyapyala, ndipo kulisunga ndi nchito ya anthu.

Mafunso

1. Kodi nciani cimacititsa nyenyezi yaikulu kuphulika?
2. Cifukwa ninji supanova ya 1987 siinapweteke anthu?
3. Kodi ozoni imagwira nchito yanji?
4. Kodi kuonongeka kwa ozoni kungacepetse bwanji kapenta pa msika?
5. Kodi citsulo-60 copezeka pansi pa nyanja cisonyeza ciani?
6. Kodi maiko anapangana ciani ku Montreal?