Nyimbo Imene Inathaŵa m'Seŵero

Ku England kuli gule wina wakalekale wotchedwa Hole in the Wall, kutanthauza kuti "Chiboo cha m'Khoma". Pomuvina, amuna amaima mzera wawo ndipo akazi amaimanso wawo moyang'anizana. Mwamuna ndi mkazi amene ali kumutu kwa mizera amatembenuka, nadzera kunja, nakakumana kumbuyo kwa anzawo oyandikana nawo. Pamenepo amagwirana manja ndi kubwerera podzera pakati. Sathamanga ayi. Amayenda mwaulemu, uku akuŵerenga chamumtima kuti: imodzi, ziŵiri, zitatu.

Munthu womva nyimbo yofatsa ya guleyu angaganize kuti inapekedwa paukwati wa kumudzi. Koma si choncho. Nyimboyi inachokera m'seŵero la chidani ndi kuphana.

Seŵerolo dzina lake ndi Abdelazer. Analilemba ndi mayi wina wotchedwa Aphra Behn, mmodzi mwa akazi oyamba ku England kupeza chakudya chawo polemba mabuku. Linaonetsedwa koyamba m'chaka cha 1676. Nkhani yake ndi ya mwana wa mfumu wochokera kumpoto kwa Africa, amene ankakhala ku Spain ali ndi mangaŵa mumtima chifukwa cha imfa ya atate ake.

M'chaka cha 1695, mayi Behn atamwalira kale, eni nyumba ya zisudzo ku London anafuna kuonetsanso seŵerolo. Masiku amenewo anthu sankakhala duu seŵero likaima pang'ono. Oimba mavayolini, zoimbira za zingwe zofanako ndi zeze, ankawasangalatsa kufikira ochita seŵero atabwerera pabwalo. Tsono ntchito yopeka nyimbo zimenezi inapatsidwa kwa Henry Purcell, katswiri amene ankaimba limba m'tchalitchi chachikulu cha Westminster Abbey. Mwa nyimbo zimene anapeka munali kanyimbo kena kakafupi kovinira. Chaka chomwecho, m'mwezi wa November, Purcell anamwalira ali ndi zaka 36 zokha.

Kodi kanyimboko kanatuluka bwanji m'nyumba ya zisudzo, popeza kunalibe wailesi kapena galamafoni? Kanatuluka m'mitu ya anthu ndiponso papepala. Ku London kunali wosindikiza mabuku dzina lake Henry Playford. Atate ake, John Playford, anayamba m'chaka cha 1651 kusindikiza buku la magule 105, losonyeza nyimbo ya gule aliyense ndi kavinidwe kake. Mwanayo anapitiriza ntchitoyo, namawonjeza nyimbo zimene anthu ankazikonda. Pofika mu 1698, kanyimbo ka Purcell kanali kataloŵa m'bukumo, kali ndi dzina latsopano ndi mapondedwe ake. Aphunzitsi a magule anakatenga, nakafalitsa kutali ndi London.

Lero seŵero la Abdelazer siliwonetsedwa kaŵirikaŵiri. Koma gule uja akuvinidwabe ku England ndi ku America, ndipo ambiri mwa ovinawo sadziŵa n'komwe za mwana wa mfumu uja.

Mafunso

1. Kodi ovina Hole in the Wall amaima motani?
2. Ndani analemba seŵero la Abdelazer?
3. N'chifukwa chiyani oimba ankaimba seŵero likaima?
4. Fotokozani mmene nyimboyi inafikira kwa anthu amene sanaone seŵerolo.
5. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: mangaŵa, katswiri, duu.