Mpando wa mwana wa m'galimoto: wogula ayambe waona sitika

Geni ikayenda bwino, amalonda ambiri a ku Kande, Chintheche ndi Mpamba amagula kagalimoto kochokera ku Japan: Sienta, Freed kapena Probox. Mkati mwa sabata imanyamula usipa, nthochi ndi chinangwa kupita ku Mzuzu, Lamulungu imanyamula banja. Mwana wamng'ono amakhala pamiyendo pa mayi ake kutsogolo, ndipo aliyense amaona ngati pamenepo ndiye pabwino.

Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu, mphamvu yake imafanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. Palibe mayi angagwire mwana ndi manja pa mphamvu yotere. Ndipo mumsewu wa M5 zoimitsa galimoto mwadzidzidzi sizisowa: mbuzi, njinga za kabaza, milatho yopapatiza, ndi makona a chitunda cha ku Mzuzu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mipando ya ana imatha kuchepetsa imfa za makanda pangozi ndi 71 pa 100 alionse.

Kuno mipando imeneyi imafika kwambiri ngati kaunjika, kapena ndi abale ochokera ku Joni. Ku South Africa lamulo linayamba mu 2015 kukakamiza kuti mwana wosakwana zaka zitatu azikhala pampando wake m'galimoto, choncho mipando yomwe ana anaikulira kumeneko ndi yambiri. Wogula ndi wopikula onse ali ndi vuto limodzi: mpando wabwino ndi wowonongeka amaoneka chimodzimodzi nsalu yake ikachapidwa.

Chomwe chimasiyanitsa ndi sitika. Mipando yopangidwa motsatira malamulo a ku Ulaya, omwenso amatsatidwa ku South Africa, imakhala ndi sitika ya mtundu wa olenji kumbuyo kapena kunsi kwa pulasitiki. Pa sitikapo pamakhala chilembo E mkati mwa kamzere kozungulira, kenako R44/04 kapena R129. Ya R44 imatchula kulemera kwa mwana m'makilogalamu, pomwe ya R129, yomwe inayamba mu 2013, imatchula kutalika kwake m'masentimita. Ikalembedwa R44/01 kapena R44/02 ndi yakalekale, ku Ulaya anailetsa kale mu 2008. Kuyambira Seputembala 2024 mayiko a European Union analekanso kugulitsa mipando yatsopano ya R44, koma ya R44/04 yomwe ili bwino ikadali yogwira ntchito. Ya ku America imakhala ndi sitika zake zosonyeza tsiku lomwe inapangidwa. Mpando wopanda sitika iliyonse ndi wongokhalira pakhonde.

Pa manambala a makilogalamu ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Wolembedwa 0–13 kg ndi kadengu ka khanda kaja, kokhala ndi chogwirira; mwana amakakulira akangopitirira chaka. Wolembedwa 0–18 kg ndiye wotembenuka uja: khanda limakhalapo litayang'ana kumbuyo, likakula mpando umatembenuzidwa kuyang'ana kutsogolo, ndipo umamufikitsa mwana pa zaka zinayi kapena kuyandikira pamenepo. Wolembedwa 9–36 kg ogulitsa amakonda kuutama kuti ndi wa mpaka kusukulu, ndipo sakunama, koma nthawi zambiri umangoyang'ana kutsogolo basi. Khanda la miyezi itatu silingakhalepo. Palinso wa 0–36 kg, wa zonse pamodzi. Umamveka wotchipa ukawerengera zaka, koma ndi waukulu, ndi wolemera, ndipo ukagulidwa wakale kale sungathe zaka khumi zomwe ukulonjeza. Kwa banja lomwe likuyembekezera mwana kapena lili ndi khanda, wa 0–18 kg ndiye wanzeru kugula.

Kulemera kwa mwana sikofunika kungoganizira. Buku la kusikelo lili ndi nambala yake ya mwezi watha, ndipo wogulitsa wodziwa ntchito amafunsa bukulo asanatchule mtengo.

Nkhani yoyang'ana kumbuyo imavuta kuimvetsa, makamaka kwa agogo omwe amafuna kuona nkhope ya mdzukulu. Mutu wa mwana wamng'ono ndi waukulu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, pomwe khosi likadali lanthete. Galimoto ikagunda kutsogolo mwana atayang'ana kutsogolo, malamba amagwira thupi koma mutu umaponyedwa, ndipo khosi ndi lomwe limalandira mphamvu yonse. Akayang'ana kumbuyo, mutu, khosi ndi msana zimakankhidwira limodzi mumpando. N'chifukwa chake lamulo la R129 silola kutembenuza mwana asanakwane miyezi 15, ndipo kupitirira pamenepo n'kwabwino koposa ngati sitika ikulola. Miyendo ikayamba kugunda mpando wa galimoto si chifukwa chomutembenuzira. Ana amapinda miyendo osamva kanthu. Chizindikiro chenicheni ndi kulemera kofika pa malire olembedwa, kapena mutu kutsala pang'ono, zala ziwiri, kufika pamwamba pa mpando.

Mpando woyang'ana kumbuyo suikidwa kutsogolo m'galimoto yomwe ili ndi airbag. Chithumba chimenechi chimafufuma mwamphamvu moti chimamenya mpando pamalo pomwe pali mutu wa mwana. Malo ake ndi kumbuyo, ngakhale zikutanthauza kuti thumba limodzi la usipa litsala.

Mpando uyeneranso kugwirizana ndi galimoto. Ina imamangidwa ndi lamba wa galimoto, ina imakoleka pa tizitsulo tiwiri totchedwa ISOFIX, tobisika pomwe chokhalira chimakumana ndi chotsamira. Galimoto zonyamula anthu zomwe zinagulitsidwa zatsopano ku Japan kuyambira Julayi 2012 zimakhala nato. Zakale, komanso Probox yomwe anaipangira katundu, mwini wake ayenera kupisa dzanja kuti atsimikize. Wogula mpando wa ISOFIX yokha pomwe galimoto yake ilibe tizitsuloti wataya ndalama. Womangidwa ndi lamba umalowa m'galimoto zambiri, bola lambayo akhale wodutsa paphewa ndi m'chiuno. Wa m'chiuno mokha, yemwe amapezeka pakati m'galimoto zina, mipando yambiri siimulola. Pa mipando ya R44 njira ya lamba imaonetsedwa ndi mitundu: yabuluu poyang'ana kumbuyo, yofiira poyang'ana kutsogolo. Ukamangidwa bwino, ukagwedezedwa pomwe padutsa lamba susuntha kupitirira zala ziwiri.

Wopikula ali ndi ntchito yoposa kuwerenga sitika. Ayenera kuvula nsalu yonse n'kuona pulasitiki padzuwa. Mng'alu uliwonse, kapena malo oyera ngati pomwe chidebe chinapindika, ndi chizindikiro chakuti mpando unalandira mphamvu. Mkati mumakhala chinthu choyera chopepuka chija amatchingira TV m'katoni. Chikathyoka kapena kusowa, chomwe chimateteza mutu chapita. Malamba asakhale onyenyeka, osokedwa pamanja kapena olumikiza. Chotsekera chake chizilira kuti "kha" ndipo chisamasuke chikakokedwa. Mpando womwe unakhalapo pangozi yaikulu sugwiritsidwanso ntchito ngakhale ukuoneka bwino, ndipo apa ndi pomwe wochokera kwa mbale wodziwika umaposa wa mu belo, chifukwa mbiri yake imadziwika.

Pali chizolowezi cha pamsika chomwe chimawononga katunduyu: kunyika mu Jik kuti awale. Nsalu yovula ija ichapidwe, koma malamba amangopukutidwa ndi kansalu konyowa. Mankhwala oyeretsera amafoola ulusi, ndipo kufooka kwake sikuoneka ndi maso. Kuyala mipando padzuwa la kunyanja tsiku ndi tsiku podikira kasitomala nakonso kumaumitsa pulasitiki. Iikidwe pamthunzi.

Tsiku lomwe mpando unapangidwa limadindidwa papulasitiki kapena kulembedwa pa sitika, ndipo makampani ambiri amaupatsa zaka za pakati pa 6 ndi 10. Mtengo weniweni uli pa zaka zotsalazo. Mwachitsanzo, mpando wa K60,000 womwe kwatsala zaka ziwiri ukudya K30,000 pachaka, ndipo mwana adzafuna wina asanakwane zaka zinayi. Wa K90,000 womwe kwatsala zaka zisanu ukudya K18,000 pachaka, ndipo mng'ono wake akhoza kudzakhalaponso. Wogulitsa amene amatha kuwerengera kasitomala motere savutika kufotokoza chifukwa chake wina wakwera mtengo.

Msika wa katunduyu m'mbali mwa nyanja ndi waung'ono, ndipo wotsanulira mpamba wake wonse pamenepo adzalira. Ogula ndi eni galimoto: aphunzitsi, anamwino, amalonda anzawo, ndi eni malo ogona alendo a ku Kande ndi Chintheche omwe amanyamula mabanja a alendo. Ana ambiri amayenda pa minibasi, pa kabaza kapena kumbuyo kwa lole, komwe kulibe lamba womangira mpando uliwonse. Kwa mayi wa ku Usisya amene ulendo wake ndi wa paboti kapena pa Ilala, chofunika ndi jekete yoyandamitsa ya msinkhu wa mwana, yomwenso ndi geni ina yosowa m'misika. Choncho mipando iwiri kapena itatu yosankhidwa bwino, kapena kuitanitsa pokhapokha kasitomala atapezeka, n'kokwanira poyambira.

Pogulitsa, ntchito sithera pa kulandira ndalama. Wogulitsa apite ndi kasitomala ku galimoto, amange mpando, akhazikepo mwana. Poyang'ana kumbuyo, malamba atulukire pa phewa kapena mmunsi pang'ono. Poyang'ana kutsogolo, pa phewa kapena pamwamba pang'ono. Amangidwe mothina moti munthu sangatsine lamba pa phewa n'kuupinda. Juzi yokhuthala ya kuzizira kwa ku Mzuzu ivulidwe kaye, bulangete lifundidwe pamwamba pa malamba. Ndipo mwezi wa Okutobala galimoto ikaima padzuwa pa Chintheche, chitenje chiziyalidwa pampando, chifukwa kachitsulo ka chotsekera kamatentha mpaka kuotcha ntchafu ya mwana.