Zomera Zothandiza Kuthana ndi Tizilombo Tokhala pa Nsomba za M'maiwe

Mau Oyamba

Ulimi wa nsomba monga makumba, chilunguni ndi mlamba umabwerera m'mbuyo pamene tizilombo tayamba kuyamwa nsomba pakhungu ndi m'ziwalo zopumira. Tina mwa tizilomboti ndi Trichodina, Gyrodactylus ndi Ichthyophthirius. Ndi tating'ono kwambiri kotero kuti sitioneka bwino popanda makina okuzira zinthu. Mankhwala a m'sitolo ndi odula ndiponso sapezeka kumidzi, choncho alimi ambiri amafunsa za mankhwala ochokera ku zomera. Mlangizi ayenera kudziwa kuti chomera chimene chingaphe kachilombo chingaphenso nsomba. Kusiyana kwake kuli pa mlingo.

Zizindikiro

Nsomba zogwidwa ndi tizilomboti zimadzikhula kumakoma a dziwe, zimaleka kudya, zimatuwa khungu, ndipo zimayandama pamwamba ngati zikusowa mpweya. Ichthyophthirius amaoneka ngati timadontho toyera tonga mchere. Ana a nsomba ndiwo amafa msanga.

Zimene Kafukufuku Wapeza

Adyo: Kafukufuku wina wa ku Thailand, wofalitsidwa m'chaka cha 2005, anaonetsa kuti adyo wosinja, pa mlingo wa mamiligalamu 800 pa lita imodzi ya madzi, anachotsa Trichodina pa ana a nsomba za mtundu wa tilapia. Komabe mlingo woposa pamenepo pafupifupi katatu unapha theka la nsomba m'maola awiri okha. Tizilombo tija tinaonekanso patapita milungu iwiri.

Papaya ndi chitedze: M'chaka cha 2004 akatswiri ena anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mankhwala otengedwa m'njere za papaya ndi m'masamba a chitedze amachepetsa Ichthyophthirius. Koma njere za papaya zikachuluka m'chakudya zimachepetsa mphamvu yobereka, motero siziyenera kupatsidwa kwa nsomba zosungidwira mbewu.

Nimu: Masamba ndi njere zake zili ndi mphamvu yolimbana ndi tizilombo, koma zikachuluka m'madzi zimapha nsomba, makamaka zazing'ono.

Ombwe: Alimi ambiri amadzala chomerachi pofuna kubwezera chonde m'nthaka. Masamba ake ali ndi poizoni wopha nsomba, choncho si mankhwala a nsomba ngakhale pang'ono. Asatsukidwe kapena kutayidwa mu ngalande yolowetsa madzi m'dziwe.

Njira Yoyenera Kutsata

1. Mlangizi ayambe watsimikiza vuto. Nsomba zingapo zamoyo zitumizidwe ku ofesi ya zausodzi kapena kumalo a kafukufuku monga ku Domasi, m'boma la Zomba.

2. Mankhwala asathiridwe m'dziwe lonse. Nsomba zodwala ziikidwe m'beseni kapena mu mgolo momwe kuchuluka kwa madzi kukudziwika bwino.

3. Mankhwala ayezedwe pa sikelo, osati ndi dzanja. Mamiligalamu 800 pa lita ndi chimodzimodzi magalamu 8 m'ndowa ya malita 10.

4. Ayesedwe kaye pa nsomba zochepa, m'mawa kukali kozizira. Chidebe china cha madzi oyera chikhale pafupi, ndipo nsomba zikayamba kupupuluma kapena kugona cham'mbali zichotsedwe msanga.

5. Madzi otsala atayidwe padothi, kutali ndi mtsinje.

6. Mlingo, tsiku ndi zotsatira zake zilembedwe m'buku kuti alangizi ena apindule nazo.

Kupewa

Tizilombo timaswana kwambiri m'dziwe lothinana nsomba, la madzi oipa ndi zakudya zoola pansi. Ngati zimenezi sizikonzedwa, matenda amabweranso. Mlimi alangizidwe kuika nsomba zokwanira kukula kwa dziwe, kusunga mbewu yatsopano payokha kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, kuyanika maukonde padzuwa, ndiponso kuumitsa dziwe ndi kuthira laimu akatha kukolola.

Chenjezo

Zilonda zofiira zozama pathupi la nsomba zingakhale chizindikiro cha matenda a EUS, amene anapezeka ku Mchinji m'chaka cha 2020. Matendawa sachizika ndi adyo kapena nimu. Mlangizi akaona zotere adziwitse a Dipatimenti ya Zausodzi tsiku lomwelo, ndipo aletse kusamutsa nsomba, madzi ndi maukonde kuchoka padziwelo.