Wothandizira wa pa Intaneti: Mupatseni Ntchito, Makiyi Musunge Nokha

Bizinesi yaing'ono ikayamba kuyenda, chimene chimayamba kuperewera ndi nthawi ya mwini wake. Mayi wogulitsa zitenje ndi nsapato pa WhatsApp amadzuka mauthenga ali mbwee: uyu akufunsa mtengo, uyu akufuna chithunzi china, uyo akudandaula kuti phukusi lake silinafike ku Mzuzu. Pofika masana sanapite kukapikula katundu, sanawerengere ndalama za dzulo, ndipo kasitomala amene anafunsa usiku wagula kale kwina.

Munthu womulandira zina mwa ntchitozi safunikanso kukhala naye m'chipinda chimodzi. Akhoza kukhala ku Zomba inu muli ku Lilongwe, kapena ku Blantyre inu muli ku Johannesburg, n'kumagwira ntchito yanu pa foni kapena pa kompyuta. Ndi amene amatchedwa virtual assistant: amayankha makasitomala, amalemba maoda, amaika zithunzi pa Facebook, amakumbutsa angongole. Dziko la Philippines linatchuka ndi ntchitoyi, koma kwathu kunonso achinyamata oidziwa alipo. Zinthu zikasokonekera, kawirikawiri gwero lake limakhala bwana amene wapereka ntchito asanaikonze, n'kuperekera pamodzi makiyi a bizinesi yonse. Malangizo awa ndi opewera zimenezo.

Yambani ndi kope, munthu abwere pambuyo

Musanafunse aliyense, tengani sabata imodzi mukulemba ntchito iliyonse imene mwagwira, ngakhale yooneka yopepuka. Lembaninso nthawi imene yakudyerani. Sabata ikatha, gawani ntchitozo patatu. Pali ntchito zobwerezabwereza zimene yankho lake silisintha, monga kutchula mitengo, kufotokoza malo olandirira katundu ndi kulemba maoda. Pali zofuna nzeru zanu monga mwini, monga kusankha katundu wopikula ndi kukambirana ndi okugulitsani. Ndiye pali zokhudza ndalama zenizeni.

Gulu loyambalo ndilo loti mupereke, ndipo musapereke lonse tsiku limodzi. Sankhani ntchito ziwiri kapena zitatu zimene zimakudyerani nthawi kwambiri. Gulu lachiwiri lingatsatire munthuyo akakhwima. Lachitatu likhale m'manja mwanu.

Lembani kagwiridwe kake

Apa ndi pamene ambiri amathamangapo, chonsecho ndi pamene pagona nkhani yonse. Inu mwakhala mu bizinesiyi zaka, ndipo zambiri zimene mumadziwa zili m'mutu mwanu mokha. Mumadziwa kuti kasitomala wa ku Karonga ayenera kuonjezera ya thiransipoti, kuti nsapato za mtundu wakuti zimabwera zothina, kuti amayi akuti amalipira pakutha pa mwezi ndipo salephera. Wothandizira amene ali kutali sangazimve zimenezi m'malere. Sakuonani mukamagwira ntchito ngati mmene amachitira mnyamata wa mu shopu.

Choncho kuuza munthu kuti "uziyankha makasitomala" sikokwanira. Mulembereni momveka motere: "Munthu akafunsa mtengo, muyankhe pasanathe mphindi 15 pa nthawi ya ntchito. Mupatse moni, mutchule mtengo umene uli pa mndandanda, mufunse kumene ali. Akafuna kugula, lembani dzina, nambala ya foni, katundu ndi malo. Oda isalembedwe kuti yalipiridwa ine ndisanatsimikize kuti ndalama zalowa." Malangizo otere munthu akhoza kuwatsata, ndipo inunso mukhoza kuona pamene waphonya.

Ntchito zina n'zovuta kuzilemba koma n'zosavuta kuzionetsa. Mafoni ambiri amakono amatha kujambula kanema wa zimene zikuchitika pa sikirini. Jambulani mukulemba oda imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mukufotokoza ndi pakamwa, n'kumutumizira. Kanema wa mphindi zitatu adzamuonera kangapo osakuimbirani foni. Mauthenga a mawu ndi abwino pocheza, koma malangizo ofunika asakhale m'menemo okha, chifukwa pakapita mwezi palibe amene angawapeze pakati pa mauthenga mazanamazana. Sungani malangizo onse pamalo amodzi, monga pa Google Drive.

Zida zothandiza zilipo ndipo zambiri n'zaulere. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, ili ndi malo oikamo katundu ndi mitengo yake, mayankho okonzeratu amene amatuluka mukalemba chizindikiro cha /, ndiponso zizindikiro zamitundu zosiyanitsira oda yatsopano, yolipiridwa ndi yotumizidwa. Maoda alembedwe pa Google Sheets, pamene nonse awiri mumaona chinthu chimodzi nthawi imodzi. Pamenepo mukhozanso kuona amene anasintha nambala ndi tsiku limene anasinthira.

Chomaliza pa gawoli, mulembereni malire a mphamvu zake. Kodi angachotsere kasitomala ndalama zingati osakufunsani? Kodi angalole kusintha katundu wobwezedwa? Kasitomala akakwiya, amutumize kwa inu pa nthawi iti? Ine ndimati ngongole isaperekedwe ndi wina aliyense koma mwini. Koma pa zing'onozing'ono mumasuleni. Wothandizira amene ayenera kufunsa pa chilichonse sanakupepuzeni, wangokuonjezerani mauthenga.

Kusankha munthu

Pa masamba ngati Upwork ndi Fiverr pali anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo malipiro amawerengedwa m'madola. Ngati ndalama zanu zimalowa m'makwacha, ganizirani kawiri. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense wolipira m'madola anadzuka ndi bilu yokwera asanachite kanthu. Palinso nkhani ya chiyankhulo ndi nthawi. Ngati makasitomala anu amalemba Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, kapena Chitumbuka, munthu wa ku Manila sathandiza, ndipo wotchi yake ili patsogolo ndi maola 6. Kwa mabizinesi ambiri akuno, munthu wakuno ndiye woyenera. Kwa amene muli ku South Africa n'zophweka chifukwa nthawi ndi imodzi ndi ya ku Malawi. Amene muli ku London muli kumbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi yotsalayo.

Satifiketi muione, koma isakunamizeni. Mupatseni ntchito yoyesera ya masiku ochepa, yolipidwa. Mutumizireni mafunso asanu amene makasitomala anu amafunsadi, limodzi likhale la munthu wokwiya, muone mmene ayankhire. Onani ngati amalemba manambala molondola, ngati amasunga nthawi, ndiponso ngati amafunsa pamene sanamvetse. Munthu amene amangoti "chabwino bwana" pa chilichonse ndi woopsa kuposa wofunsa mafunso ambiri. Mufunseninso za magetsi ndi netiweki kumene amakhala. Magetsi akazima amatchaja bwanji foni? Ali ndi pawabanki kapena sola? Ali ndi laini ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, kuti ina ikavuta agwiritse ntchito inzake? Mafunso amenewa ndi a ntchito, musachite nawo manyazi.

Ambiri a ife timayamba taganiza za mphwathu kapena mwana wa achimwene amene wamaliza sukulu ndipo akungokhala. Si kulakwa kumuthandiza. Koma akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'bale akayamba kuchedwa kuyankha makasitomala, kumudzudzula kumasanduka mlandu wa pabanja, ndipo azakhali amalowererapo. Mukamulemba, ayesedwe ngati wina aliyense, asainire mgwirizano ngati wina aliyense, ndipo makolo ake amve kuchokera kwa inu, ntchito isanayambe, kuti akalephera adzasiyitsidwa.

Makiyi

Munthu amene ali kutali simungamuone ndi maso, choncho chitetezo chanu chagona pa zimene mwamutsegulira ndi zimene mwatseka. Lamulo lake n'limodzi: mupatseni khomo lolowera ntchito yake yokha.

PIN ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya ku banki siperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale wokhulupirika chotani. Ndalama zizilowa pa nambala yanu, ndipo wotsimikiza kuti zalowa ndinu. Izi zimamutetezanso iyeyo, chifukwa ndalama zikasowa palibe amene angamuloze chala. Muchenjezeni za akamberembere amene amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa malipiro, kapena chithunzi cha risiti chokonza. Katundu asatuluke chifukwa cha chithunzi. Atuluke inu mutaona ndalama mu akaunti.

Pa WhatsApp, musamupatse SIM khadi ya bizinesi. Nambala imeneyo ndi imene makasitomala anu amaidziwa, ndipo amene waigwira wagwira bizinesi. WhatsApp imalola kulumikiza zipangizo zina mpaka zinayi ku akaunti imodzi, choncho lumikizani kompyuta kapena foni yake, SIM ikhale ndi inu. Mukafuna kumuchotsa, mumangotero pa foni yanu. Dziwani kuti foni yanu ikakhala masiku opitirira 14 osatsegula WhatsApp, zipangizo zolumikizidwazo zimadulidwa zokha. Tsegulaninso chitetezo chachiwiri cha PIN ya manambala 6, ndipo PIN imeneyo muidziwe nokha. Mukumbukire kuti wolumikizidwayo amaona mauthenga onse a pa nambalayo. Ngati nkhani za m'banja mwanu zimadutsa pomwepo, nthawi yakwana yoti bizinesi ikhale ndi nambala yakeyake.

Pa Facebook, musapereke pasiwedi yanu. Tsamba la bizinesi limalola kuonjezera munthu kudzera pa akaunti yake, n'kumupatsa mphamvu zochepa monga kuyankha mauthenga ndi kuika zithunzi. Musamupatse ulamuliro wonse, chifukwa munthu wa ulamuliro wonse akhoza kukuchotsani inuyo pa tsamba lanu lomwe. Pa Google Sheets n'chimodzimodzi: pepala likhale la akaunti yanu, iye mumutsegulire lokhalo limene akugwirapo. Mitengo imene mumapikulira katundu ndi mayina a okugulitsani zikhale pa pepala lina.

Mayina ndi manambala a makasitomala si katundu woti azingoyenda. Ku Malawi kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira, ndipo limafuna kuti wosunga mbiri za anthu azisamale. Muuzeni wothandizira wanu mosapita m'mbali kuti manambalawo sawakopera pa foni yake kuti akagulitsire zake kapena za anzake.

Mgwirizano ndi malipiro

Tsamba limodzi ndi lokwanira, bola likhale lolembedwa ndi losainidwa. Litchule ntchito, maola ogwirira, malipiro ndi tsiku lolandira, amene agule bandulo ya intaneti, ndi masiku odziwitsana wina akafuna kusiya. Za bandulo musazinyalanyaze. Ntchito ya zithunzi ndi makanema imadya data, ndipo munthu amene akugula bandulo pa malipiro ake ochepa amayamba kuzimitsa intaneti masana. Bwino mumugulire nokha mwezi uliwonse. Ngati azigwira tsiku lililonse kwa inu nokha, akufanana ndi wantchito wolembedwa, ndiye kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu zimene lamulo la Employment Act likufuna kwa inu.

Lipirani pa tsiku limene munagwirizana, osadikira kukumbutsidwa. Munthu amene mwamupatsa makasitomala anu m'manja sayenera kupempha malipiro ake ngati akupempha chithandizo. Ndipo maola akatha, atha. Kukhala pa foni sikutanthauza kuti mungamuimbire pakati pa usiku.

Masabata oyamba

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ntchito yanu ichuluka m'malo mochepa, ndipo zimenezo zisakudabwitseni. Werengani mayankho ake madzulo aliwonse. Akalakwitsa, funsani kaye ngati malangizo anu anaitchula nkhaniyo. Ngati sanaitchule, konzani malangizowo. Ngati anaitchula, muonetseni pamene palembedwa, mwaulemu, ndipo mumuuze kumbali, osati pa gulu pamene pali ena.

Mugwirizane kuti poweruka azikutumizirani lipoti lalifupi: maoda angati alowa, ndi ati akudikira malipiro, ndi vuto lanji lomwe likufuna inu. Mizere isanu yakwana. Kamodzi pa sabata muziyankhulana pa foni, mumve zimene makasitomala akufunsa kwambiri. Iyeyo tsopano ndiye khutu lanu, ndipo nthawi zina adzayamba kudziwa iye kuti katundu wakuti anthu atopa naye.

Chiyeso chachikulu chimabwera pamene mwaona uthenga wa kasitomala ndipo chala chikuyabwa kuti muyankhe nokha poti "ine ndichita msanga". Dzigwireni. Mukamayankha awiri, kasitomala amalandira mitengo iwiri, ndipo wothandizirayo amayamba kudikira kuti bwana ayankha. Mayankho ake sadzafanana ndi anu liwu ndi liwu. Ngati ali olondola ndi aulemu, asiyeni. Pakatha mwezi, bwererani ku kope lanu lija muone ngati maola amene ankapita ku mauthenga tsopano akupita kopikula katundu ndi kofuna misika yatsopano. Ngati zikuyenda, onjezerani ntchito imodzi. Ngati mwalangiza mobwerezabwereza koma zolakwika ndi zomwezomwezo, musakokere miyezi.

Tsiku losiyana, kaya mwasiyana bwino kaya moipa, mulipireni zake zonse, ndipo tsiku lomwelo dulani chipangizo chake pa WhatsApp, mumuchotse pa tsamba la Facebook, mutseke mapepala a pa Google, musinthe pasiwedi iliyonse imene anaidziwa. Musadikire mawa, ndipo musaone ngati mukumunyoza. Muuzeni za dongosololi pa tsiku loyamba la ntchito, kuti likadzafika asadzadabwe.