Nthano ndi Umboni Wake: Phunziro la Mabuku a Harriet Beecher Stowe

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti Mkhristu asamataye nthawi ndi nkhani zopeka. Koma tikafika ku koleji, timapatsidwa mabuku otere kuti tiwerenge ndi kulembapo mayeso. Nanga tichite bwanji? Mabuku awiri a Mayi Harriet Beecher Stowe angatiunikire.

Mayi Stowe anabadwa mu 1811 ku Connecticut, ndipo bambo awo, Lyman Beecher, anali mbusa. Anakhala zaka zambiri ku Cincinnati, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio. Kutsidya kwake kunali Kentucky, kumene anthu ankagulitsidwa ngati ziweto. Mu 1850 boma la America linakhazikitsa lamulo lokakamiza nzika kuthandiza kugwira akapolo othawa. Zimenezi zinawapweteka mtima, ndipo analemba Uncle Tom's Cabin, buku lomwe linatuluka mu 1852. M'bukuli Eliza amawoloka mtsinje wa Ohio pa madzi oundana atanyamula mwana wake, pamene Tom amamenyedwa mpaka kufa chifukwa chokana kuulula za akapolo anzake awiri omwe anathawa.

Oikira kumbuyo ukapolo anati zonsezi n'zabodza. Powayankha, mu 1853 Mayi Stowe anatulutsa A Key to Uncle Tom's Cabin, buku losapeka. Mmenemo anasonkhanitsa milandu ya m'makhothi, malamulo, zidziwitso za m'nyuzipepala zosaka akapolo othawa, ndi umboni wa anthu monga Josiah Henson, amene anathawira ku Canada.

Makolo a mpingo wathu ankadana nawo ukapolo. Mayi Ellen White analemba kuti lamulo lobwezera kapolo kwa mbuye wake si loyenera kulimvera. Komabe, mu Testimonies buku lachisanu, anati Uncle Tom's Cabin linathandiza pa nthawi yake kugalamutsa anthu, koma sanavomereze kuti lizilimbikitsidwa kwa achinyamata. Nkhawa yawo inali yakuti munthu wozolowera nthano amayamba kuona Baibulo ngati losakoma.

Chenjezoli lisatidutse. Nthano imatha kutiliritsa popanda kutisintha, ndipo imathanso kupotoza. James Baldwin anadandaula mu 1949 kuti anthu akuda a m'bukuli sanajambulidwe ngati anthu athunthu. Choncho tikapatsidwa nthano m'kalasi, tiziiwerenga pamodzi ndi zolemba zosapeka za mlembi yemweyo, kenaka tizidzifunsa kuti: zachitikadi ndi ziti, zowonjezera ndi ziti, ndipo mlembi akufuna tikhulupirire chiyani? Muyeso wathu uli pa Afilipi 4:8, pamene choonadi chatchulidwa poyamba.

Zokambirana m'magulu:
1. N'chifukwa chiyani Mayi Stowe anaona kuti nthano payokha sinakwane?
2. Sabata yathayi, nthano ndi mafilimu zatidyera maola angati poyerekeza ndi Baibulo?
3. Tikamva za nkhanza lero, timathera pa chisoni, kapena timafufuza umboni ndi kuchitapo kanthu?