Lamulo la ku England Loletsa Kuthawitsa Mwana

Ambiri a inu muli ndi ana anu ku England, ndipo ena anapeza mabanja komweko. Ukwati ukasokonezeka, mau amene timatumiza kucokera kumudzi ndi akuti, "Tenga mwanayo ubwere kuno." Mwezi uno tifotokoza m'mene mau amenewa angamangitsire mwana wanu.

Kwathu kuno mwana ali ndi eni ace odziwika. Kwa Acewa ndi wa mbumba ya amalume. Kumene amalowola ndi wa kucimuna. Khoti la ku England silifunsa zimenezo ai. Lamulo la caka ca 1984 likuti kholo lotulutsa mwana wosakwana zaka 16 m'dzikomo, popanda cilolezo ca kholo linzace kapena ca khoti, lapalamula, ndipo cilango cace cingafike zaka 7 m'ndende. Ngakhale mai wace wombala angamangidwe. Kholo lokhalo limene khoti linalamula kuti mwana azikhala nalo ndilo lingapite naye kunja, koma osakwanitsa mwezi.

Tsono bambo kapena mai akaona zizindikiro, monga kuti mnzace wasiya nchito mwadzidzidzi, wabisa pasipoti ya mwana, kapena wagula tikiti yopitira yokha, apita ku khoti la za mabanja tsiku lomwelo. Woweruza angathe kumva dandaulo winayo asanauzidwe, pakuti kumuuza ndiko kumfulumizitsa ulendo. Ngakhale usiku kapena Lamulungu pamakhala woweruza wodikira mirandu yotere. Iye apereka lamulo loletsa kucotsa mwana m'dziko, monga mwa lamulo la ana la 1989. Khoti lalikulu liri ndi wanchito wace, dzina la udindo wace Tipstaff, amene amatuma apolisi kukalanda mapasipoti. Ngati ulendo uli pafupi, mawa kapena mkuja, apolisi atumiza dzina la mwana ku mabwalo a ndege ndi ku madoko, ndipo likhala kumeneko masiku 28. Pambuyo pace onse awiri aitanidwa, kuti woletsedwayo naye anene mbali yace.

Mungafunse kuti, kodi liwiro lonseli nlaciani? Pa 25 October 1980 maiko anapangana mu mzinda wa The Hague kuti mwana wothawitsidwa azibwezedwa msanga kumene anali kukhala, kuti mlandu wa makolo ace ukaweruzidwe komweko. Zimbabwe analowa m'panganoli mu 1995, South Africa mu 1997. Malawi sanalowemo. Cotero woweruza wa ku England adziwa kuti mwana akangotsika pa Lilongwe kapena pa Chileka, kumbweza kudzakhala kobvuta ndithu, ndipo amayang'anitsitsa kwambiri pempho lobwera naye kuno. Ife sitiyesa cimeneci cipongwe. Nafenso sitipereka msanga cinthu cimene sitidziwa kuti cibwera bwanji.

Agogo ofuna kuona mdzukulu, njira iripo. Mwana wanu apemphe cilolezo colembedwa kwa kholo linzace, cochula tsiku lonyamuka ndi lobwerera. Akakanizidwa, apemphe ku khoti, ataonetsa matikiti obwerera ndi mudzi umene mwana akakhale. Nthawi zina woweruza amafunanso ndalama za cikole, zobwezedwa mwana akafika. Aphunzitsi, thandizani makolo kulemba bwino dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma lao, pakuti khoti lingazifune.